Ulendo Wokazula Mano a Agogo ku Vila

Tidanyamuka kwathu ku Lifidzi m'mamawa, nyengo yachisanu, udzu uli mbuu ndi mame. Agogo anga aNambewe, amene adandilera chimwalirire amayi, adali atakulunga kukamwa ndi mpango. Mano awo akutsogolo ankayayamira: akamwa madzi ozizira ankadumpha, kamphepo kakawalowa m'kamwa misozi inkalengeza. Adagamula zokawazulitsa onse ku chipatala cha ku Vila Coutinho, kumene lero timati ku Ulongwe. Ine ndidali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo mumtima sindinkafuna. Mano amenewo ndiwo ankandisendera nzimbe, ndiwonso ndinkayamba kuwaona patali ndikamachokera kusukulu.

Pa kantina, kasitolo ka kumsewu, tidakwera kamyao, lole yonyamula mbatatesi, eskudo zisanu pamutu, n'kukhala pamatumba. Pambali pathu padali nkhalamba ina yovala chikhoti cha ku Joni.

"Amayi, mpangowo bwanji? Mwabisamo nyama?"

"Ndikukazula mano, abambo."

"Ine adandizula kumigodi. Taonani!" Idayasamula, m'kamwa muli pululu. "Chimanga chootcha ndimangonunkhiza basi."

"Inu ndiye mudapumula," adatero agogo. Ine ndidayang'ana kumapiri.

Dzuwa litakwera, atropa, asilikali a Apwitikizi, adatiimitsa pa mlatho n'kuona mapepala. Mayi wina adabwera ndi lichero la mandimu. Agogo adawayang'ana ngati abale awo, koma sadagule.

Tidafika ku Vila masana, fumbi mpaka m'nsidze. Tidagawana pau mmodzi, buledi wa Chipwitikizi, tili pa mzere wa kuchipatala, agogo akunyowetsa wawo ndi malovu. Infirimero, namwino woona odwala, adali bambo wa kumunsi ku Tete, wolankhula Chinyanja chopendekera. Adagogoda dzino lililonse ndi kachitsulo, kenaka n'kuuzira mpweya. Agogo adatsala pang'ono kugwa pampando.

"Lobooka palibe, amayi. Koma chikopa cholimba cha pamwambachi chaperepeseka, nkhama nazo zabwerera m'mbuyo. Mumatsuka ndi chiyani?"

"Mswachi basi. Zulani, bambo, ndachokera kutali."

Infirimero adapukusa mutu, koma dzanja lake lidalowera ku mbale ya zopanira. Ine sindinkalankhula pamaso pa akulu, komabe ndinkaona zambiri. Mmawa uliwonse kudambo agogo ankakwecha mano ndi mchenga wosalala wosakaniza ndi phulusa, monga adawalangizira ali namwali, kuti aziyera mbee.

"Amakwecha ndi mchenga ndi phulusa," ndidatero. "Mandimunso amadya ndi mchere."

"Iwe Ndaziona! Wakufunsa ndani?"

Infirimero adaseka mpaka kutsokomola. "Amayi, dzino si mphika ayi. Mchenga siyani. Mswachi muziutafuna ufewe, muzitsuka pang'onopang'ono ndi madzi ofunda. Mukadya zowawasa muzingochukucha, osakwecha. Mwezi ukatha zikapanda kusintha, mubwerenso." Adawapaka mankhwala onunkha m'mbali mwa nkhama, n'kuitana wotsatira.

Pobwerera tidakwera kamyao yomweyo, tsopano yopanda katundu, ikutidumphitsa ngati nyemba m'lichero. Agogo adandifulatira njira yonse. Ndidaganiza kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa mlendo, ndipo mwina sadzandikhululukira.

Titatsika, dzuwa litapendeka, adapatukira kudimba kwathu n'kuthyola nzimbe. Adaiyandikitsa kukamwa monga mwa masiku onse, kenaka adaima n'kunditambasulira.

"Senda ndiwe. Paja pakamwa pako lero patseguka."

Ndidasenda, n'kuwadulira tizidutswa tating'ono. Tidakhala pa mzere wa mbatata, iwo akutafunira kumbali, ine ndikuwayang'ana.

Ku Vila sitidabwererenso. Kuyayamira kudachepa, ngakhale m'chisanu mpango sunkachoka kukamwa. Ulendo umenewo ndi umene udandiphunzitsa kuti kuona kokha sikuthandiza munthu ngati woonayo wangokhala duu. Agogo adamwalira Apwitikizi atachoka, mbendera itasintha kale, mano awo atachita chikasu pang'ono, ndipo mpaka kumapeto ankandinena kuti ndidawadetsa ndine. Koma adapita nawo onse.