Mbale ya ku Stoke Imene Inaliza Kachipangizo

Chaka changa chachiwiri pa yunivesite ku Birmingham ndinkagwira ntchito mu labu yoyesa zitsulo. Tinkatenga tizitsulo tating'ono ngati zikhadabo n'kutiwomba ndi radiyeshoni, cheza choopsa chosaoneka ndi maso, kuti tione ngati tingapirire. Tikatuluka m'makina, palibe ankaloledwa kutigwira mpaka atabwera mayi ena oona za chitetezo, aatali, a imvi, ochokera ku Dudley. Ankayenda ndi kachipangizo kooneka ngati tochi, kamene kamalira kakamva radiyeshoni. Kakalira kwambiri, tizitsuloto tinkatsekeredwa m'bokosi la mtovu mpaka radiyeshoniyo itachepa.

Tanga tinali titakhalitsa m'bokosimo, ntchito yanga yonse itaima. Tsiku loyesanso ndinaima pambali, thukuta lili noninoni m'magolovesi. Mayiwo anayendetsa kachipangizo pamwamba pa kachitsulo kalikonse, osapupuluma, kenako anakapukuta ndi kapepala n'kuyesanso kapepalako. Kachipangizoko kanangolira patalipatali, ngati nkhuku yokhuta ikujompha pansi. Anayesa manja anga ndi nsapato zomwe, n'kundiuza kuti zonse zili bwino.

Ndinatuluka ndikuvina m'khonde, ndinapatsa moni ngakhale anthu amene sindinkawadziwa. M'chipinda chomwera tiyi ndinali nditasiya mandasi pa mbale yanga yofiirira ngati lalanje, imene ndinagula pa msika wa zinthu zakale ku Stoke. Ndinaitana anzanga, ndipo mayi aja ndinachita kuwakoka dzanja. Anakhala pansi n'kuika kachipangizo kawo patebulo, ataiwala kukazimitsa.

Kanayamba kulira ngati mvula pa malata.

Mnzanga wina anali ataluma kale ndasi, anangoima nalo m'kamwa. Ine ndinaganiza kuti ndatuluka ndi radiyeshoni mu labu. Mayiwo anandiyesanso manja, kanali zii. Ananyamula ndasi limodzi n'kuliyesa palokha, zii. Atakayandikitsa pa mbale, kanalira mpaka anthu a chipinda china anasuzumira.

Anayang'ana kunsi kwa mbaleyo, kenako anayamba kuseka mpaka anavula magalasi. Anafotokoza kuti oumba mbale akale ankathira yureniyamu, mwala wotulutsa radiyeshoni, mu utoto kuti mtundu uwale chonchi, ndipo iwo ankangoziwerenga, anali asanaigwirepo mbale yotere.

"Ndiye ndakhala ndikudyera pa chiyani chaka chonsechi?" ndinawafunsa.

"Simufa nazo," anatero. "Koma muiike pa shelefu, musamadyereponso."

Pamenepo chiseko chinandigwira ine. Ndinaseka mpaka m'nthiti munapweteka. Mandasi tinawasamutsira pa mbale ina ndipo sanatsale. Aliyense ankafuna kuyesa kapu yake, wotchi yake, mnyamata wina mpaka mutu wake. Mayiwo anandipempha kuti ndiziwabwereka mbaleyo pophunzitsa ophunzira atsopano, ine ndinavomera ngati andipatsa mendulo.

Madzulo ndinakwera sitima kupita ku Whitmore Reans, kwa achemwali anga amene ndi nesi, ndikusekabe ndekha. Atamva nkhaniyi sanaseke msanga. Anayamba atulutsa kaye mbale zawo zonse m'kabati n'kumandifunsa imodziimodzi, ngati maso anga ndiwo kachipangizo. Ana awo awiri anandilowetsa ku bafa, anazimitsa magetsi n'kumandiyang'anitsitsa. Patapita kanthawi wamng'onoyo anadandaula m'Chingerezi kuti anti sakuwala ngakhale pang'ono, ndipo mkulu wake anamuuza kuti adikire, mwina zimayambira kumapazi.