Mizere Imene Azakhali Anaipaka Zoyera

Azakhali anga ankatayipa ngati akumenya munthu. Anagwira ntchito zaka makumi atatu mu ofesi ya maloya, pa taipi yachitsulo yofuna mphamvu, ndipo atapuma n'kutsegula kaofesi kawo kolembera anthu makalata, zala zija sizinamve kuti zinthu zasintha. Kiyibodi ikakhalitsa inkatha miyezi isanu, mabatani n'kuyamba kuzuka. Kaofesiko kanali pansi pa masitepe, pakati pa telala ndi wometa, ndipo telalayo ankati akamva phokoso lasiya amadziwa kuti aMlembi apita kukadya.

Pa kompyuta anabweretsapo makhalidwe onse a pa taipi. Akafika kumapeto kwa mzere ankamenya batani lotsikira pansi, ngati mmene ankakankhira chigwiriro cha taipi. Mutu wa nkhani ankauika pakati pochita kuwerenga mipata, umodziumodzi, milomo ikugwedera. Ziwirizi ndinkazidziwa ndipo ndinkawaseka nazo. Chachitatu sindinkachidziwa. Kwa maloya kuja anaphunzira kuti mawu amene munthu wanena satayidwa: umapakapo utoto woyera wa tipekisi, ndipo tsiku lowafuna umaunika pepalalo padzuwa. Ndiye pa kompyuta sankafufuta kanthu. Mawu osafunika ankangowasintha mtundu kuti akhale oyera ngati pepala, ndipo pulinta inkawadumpha.

Azakhaliwa ndi alongo awo a bambo anga, aakulu. Bambo ndi owotcherera zitsulo, ndipo zimene ankachita ndi zitsulo masana ankadzazichitanso kwa amayi akaweruka. Anawamenyapo ndi paipi ya gasi mpaka khutu lakumanzere linasiya kumva. Anawathyolapo chibwano ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditabisala pansi pa tebulo, ndikuona mapazi okha. Achibale ankangoti banja n'kupirira. Amene sanayankhule zopusazo ndi azakhali okha. Tsiku limene bambo anaponyera amayi ketulo ya madzi otentha pamsana, azakhali anabwera ndi takisi, analongedza zovala za alamu awo mu shiti, n'kukawabisa m'chipinda chimene anapeza kutsidya kwa njanji. Tinkadziwako anthu atatu basi, ndipo bambo anafufuza zaka ziwiri osapeza ndi fungo lomwe.

M'zaka zimenezo amayi analowa gulu la amayi anzawo othawa nkhanza. Gululo linapempha kuti amene angathe afotokoze mbiri yake, ikhale buku lowerengera pafoni, kuti ena amene adakali m'moto alimbe mtima. Amayi salemba, koma pakamwa ali napo. Loweruka lililonse ankayankhula, azakhali n'kumatayipa. Anayankhula zonse, mpaka za mtendere umene anaupeza: geti lobiriwira, nyumba yachitatu kuchokera pampopi, ntchito yochapa ku kachipatala ka mano, ola limene amatuluka m'mawa. Powawerengera, amayi anagwira pakamwa.

"Iii, alamu, zimenezo chotsani. Akangoziona alongo anuwo ndafa."

"Zachoka kale, alamu," anatero azakhali, n'kuwaonetsa pepala lotuluka mu pulinta. Linalidi loyera.

Ine ndinalowa m'nkhaniyi chifukwa ndimagwira ntchito mu shopu yokonza mafoni ndi makompyuta, ndipo m'banja mwathu chilichonse chokhala ndi batani chimagwera ine, ndi ayironi yomwe. Lolemba lina masana azakhali anandiimbira.

"Tabwera kuno iwe. Chinthu chakochi chikundichitira mwano."

Ndinawapeza thukuta lili kamukamu, atagwira mausi ngati akufuna kuipotokola khosi. Pulogalamu yolembera inali ndi malo osinthira fayilo kuti ikhale buku la pafoni, koma akadina, kamzere kankayenda mpaka pakati, n'kuima, n'kutuluka kabokosi kofiira konena kuti zakanika. Anali atayesa kakhumi. Ulendo womaliza anamenya tebulo mpaka kapu inagwa n'kusweka.

Ndinayamba ndi chithunzi cha pachikuto, chimene chinali chachikulu mopitirira. Ndinachichepetsa. Kabokosi kofiira kanabweranso. Ndinaona kuti pulogalamuyo siinkazindikira mitu khumi ndi iwiri ya bukulo, poti yonse inali yokankhidwa ndi mipata, ndiye ndinaikonza umodziumodzi. Apa fayilo inatuluka, koma poitsegula pafoni munali manyazi. Mizere inali yodukaduka, mawu atatu apa, awiri apo, mutu wachisanu kulibe, wachisanu ndi chimodzi wabwera kawiri. Nditabwereza, inakananso pamalo omwe aja.

"Azakhali, mwalemba buku kapena mwamanga mpanda? Mzere uliwonse mwaukhoma msomali!"

"Ndinayamba kutayipa iwe usanabadwe. Konza, usandiphunzitse ntchito."

"Ndikonza bwanji zinthu mwaziononga nokha?"

"Ukapsa mtima umafanana ndi bambo ako, ukudziwa?"

Mawu amenewo anandilasa, ndipo ndinapsadi mtima. Abwana anali ataimba kawiri, nthawi yanga yopuma itatha kalekale. Pali njira imene timaidziwa tonse okonza makompyuta zinthu zikavuta: umasankha zolemba zonse, n'kulamula kuti zokongoletsa zonse zichoke, kukula kwa zilembo, kupendeka, mitundu, kutsale mawu okhaokha akuda. Ndinatero. Ndinachotsa misomali ya kumapeto kwa mizere ija, ndinabwezeretsa mitu, ndinadina. Kamzere kanayenda mpaka kumapeto. Azakhali anaomba m'manja, ine n'kudzimva kuti ndine katswiri.

"Uliwerenge lonse usanatumize," anatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndinavomera, koma sindinaliwerenge. Ndinaona chikuto, mndandanda wa mitu ndi masamba awiri oyamba. Patsamba lachitatu panali mwana pansi pa tebulo, ndipo ndinazimitsa foni. Zimene ndinaziona ndi maso sindinafune kuzionanso m'zilembo. Ndinatumiza fayiloyo kwa wapampando wa gulu lija tsiku lomwelo, ndipo pofika Lachitatu inali itayenda m'mafoni ambirimbiri.

Loweruka m'mawa azakhali analowa mu shopu mwathu osapereka moni. Anali atapempha wometa uja kuti awaonetse bukulo pafoni yake. Anandiika foniyo pamphuno. Mutu womaliza, zilembo zakuda bii: geti lobiriwira, nyumba yachitatu kuchokera pampopi, kachipatala ka mano. Anandiwaza mbama pamaso pa makasitomala, khutu mpaka kulira.

"Ndinapaka ine! Wazivundukula bwanji?"

"Munapaka? Simunafufute?"

Tinayang'anana, aliyense akuona kupusa kwa mnzake. Kenako wometa, amene anawatsatira akufuna foni yake, ananena kuti dzulo lake anameta mnzawo wa bambo wa ku galaja, ndipo mnzawoyo ndi amene anali kuwerengera anthu bukulo mokweza, akuseka. Ndinaimba foni nthawi yomweyo. Foni ya amayi inkangoitana, poti akamachapa amaisiya m'nyumba.

Tinakwera njinga zamoto ziwiri. Tinawapeza akuyanika zovala kuseri, akuimba. Azakhali sanafotokoze zambiri.

"Alamu, siyani zimenezo. Dumphani mpanda, mulowe kwa aneba, mudzitsekere. Musatuluke ngakhale mumve chiyani."

Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuzindikira zonse. Ndinawakankha pokwera mpanda, patapata imodzi n'kutsalira m'manja mwanga. Nthawi yomweyo geti linalira khoo! Bambo analowa atavala ovolosi, m'manja muli chitsulo chozulira misomali. Anali asanamwe ngakhale dontho. Zikanakhala za mowa mwina ndikanapeza powakhululukira.

Azakhali anaima pakhomo la chipinda, dzanja lamanja litagwira felemu. Ankafuna kuti bambo aganize kuti amayi ali mkati.

"Achemwali, chokani."

"Sindichoka. Ndinakubereka kumsana iwe, ukundinyerera. Bwerera."

"Mwandilemba m'buku! Dziko lonse likundiseka! Ali kuti?"

"Ndalemba ndine, ndi zala izi. Palibe bodza ngakhale limodzi. Ukufuna womenya, ndili pano."

Ndinagwira bambo mkono, anandiponyera pa mabeseni ngati chisanza, mlomo n'kung'ambika. Anakoka azakhali ndi bulauzi mpaka mabatani kuthothoka, koma dzanja lija silinasiye felemu. Anawamenya chibakera pachifuwa, silinasiye. Pamenepo anakweza chitsulo. Ndinamva kulira kwake, ngati munthu waponda nthambi zouma, kawiri. Azakhali sanakuwe. Anangokhala pansi pang'onopang'ono, atatsekabe khomo ndi thupi lawo, magazi akutsika ndi felemu. Bambo anawadumpha, anagubuduza bedi, anaswa galasi, anang'amba makatani, akuitana amayi ndi mayina onyansa. Potuluka anapeza amuna a m'nyumba zoyandikana atadzaza pabwalo, ndipo amenewo sanafunse mafunso. Apolisi atafika anachita kuwalanditsa bambowo m'manja mwa anthu.

Madokotala anapulumutsa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Zitatu zinazo zinapola zopindika, sizigwira ngakhale supuni. Kaofesi ka pansi pa masitepe anakatenga wogulitsa machaja. Azakhali amakhala pakhonde kwawo, anthu amawabweretserabe makalata, iwo n'kumanena mawu, mwini kalata n'kumalemba yekha. Akalakwitsa amamukalipira ngati kale. Za mbama ija sanapepese, nanenso sindinapemphe. Fayilo ndinaikonza, ndinafufuta ndime ija kwenikweni, gulu linatumiza yatsopano, koma yakaleyo ili m'mafoni a anthu mpaka lero.

Bambo anatuluka pa belo patatha milungu itatu. Amayi anali atasamuka kale. Amandiimbira Lamlungu lililonse pa nambala yobisika, amafunsa ngati ndikudya, ngati chifuwa chija chinatha, amaseka nthabwala zanga. Ndikafunsa kumene ali amati kukutentha masiku ano.

Mwezi watha ndinapita kwa azakhali ndi mafuta opaka zala. Ndinawapaka mwakachetechete, kenako ndinalimba mtima.

"Azakhali, inu mukudziwa kumene ali amayi."

"Ndikudziwa."

"Ndiuzeni. Sindilemba paliponse, sindiika m'foni. Ndikungofuna ndikawaone, chaka chatha tsopano."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso atalengeza misozi, chinthu chimene sindinachionepo ngakhale tsiku la chitsulo lija.

"Ndinawapempha amayi ako, mwana wa mlongo wanga. Ndinawauza kuti wolakwa ndine, wopaka. Akuti ayi, alamu, inu munaphimba. Mwanayo ndinangofuna awerenge zimene ndinapirira chifukwa cha iye, ndipo sanawerenge."

Ndinapitiriza kupaka mafutawo, poti chala chachitatu chinali chisanapakidwe.