Mizere ya Ubongo wa Mwana wa Bwana

Mwana wanga wachiwiri ankakhala benchi limodzi ndi mwana wa bwana wa zaulimi pa Boma la Rumphi, ndipo onse awiri sankakhazikika. Ankadzuka aphunzitsi akulankhula, masamu n'kuwasiyira pakati. Ankakwapulidwa mofanana, ndipo pamenepo ndinalibe dandaulo.

Bwanayo, wochokera ku Zomba, anapita naye wakeyo ku Blantyre pa galimoto ya boma. Anabwerako ndi kabotolo ka mapilitsi ndi pepala lalitali lopindapinda, lodzaza mizere yokwera ndi kutsika. Ine ndinali kalaliki wake, choncho anandiyalira pepalalo pa tebulo.

"Amamumata timawaya m'mutu, makina n'kumalemba zimene ubongo ukuchita. Apa ndi asanamwe mankhwala, apa atamwa. Waona kusiyana?"

Kusiyanako sindinakuone, koma ndinati, "Yewo bwana, kukuoneka."

Dokotala analembanso kalata yakuti mwanayo si wamwano, akudwala. Kuyambira pamenepo chikwapu chonse chinatsalira wanga. Winayo akadzuka, aphunzitsi ankati mankhwala atha mphamvu. Wanga akadzuka, ankandiitana. Makalata ondiitanawo ndikuwasungabe m'fayilo imodzi ndi makhadi a chipani, ndipo yomaliza ikuti akapitiriza samulembetsa mayeso a Sitandade 8.

Ndinapempha bwana kuti andithandize wanganso akayezedwe.

"Iwe, makinawo ndi a odwala khunyu. Ine ndinachita kudziwana ndi dokotala. Wakoyo ngwaphuma basi, muchepetsere shuga mu tiyi."

Ndinaseka nawo, pakuti masiku amenewo bwana akaseka nawenso unkaseka. Kenako ndinalemba makalata anayi opita kuchipatala, ndi kaboni, pa taipi yake yomweyo. Yankho linabwera limodzi, lopanda ndi sitampa yomwe, lakuti mwana amene sakomoka satumizidwa.

Ndinapita kwa aphunzitsi aakulu.

"Ana awiriwa vuto lawo ndi limodzi. Mwawaona nokha."

"Ndawaona, adada. Koma mmodzi ali ndi pepala. Oyendera sukulu akabwera, za wanuyo ndiwaonetsa chiyani?"

Dzina la mwana wanga silinalowe pa mndandanda wa mayeso. Winayo analemba, nasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Bwana anandiuza kuti nditaipe zoti mwanayo anyamule: mabulangete awiri, ndowa, nsapato zakuda, mapilitsi. Ndinataipa osalakwitsa chilembo ngakhale chimodzi, ndipo masana ake ndinakamufunsira wanga malo kwa wokonza njinga kumsika.