Tsiku Limene Ndinalawira Azungu Thobwa

Mdzukulu wanga wamkazi ali chaka chachitatu ku yunivesite kuno ku Joni, anabwera ndi nkhani yoti aphunzitsi awo sakufuna mayeso a papepala. Ati aliyense ayambe bizinesi yeniyeni, atuluke panja, anthu alawe malonda akewo n'kulemba maganizo awo pafomu. Fomu ikapanda kudzaza, walephera phunzirolo.

"Ndiye ugulitsa chiyani iwe?"

"Thobwa lanu, agogo."

Sindinakondwe. Kwathu geni sulengeza, umangoyamba mwakachetechete, anthu amadziwa ataona. Koma awa akuwaphunzitsa kuuza aliyense wodutsa, mpaka kumufunsa kuti chaipa n'chiyani! Kuphika ndinaphika, koma ndinati ndipita nawo. Zigubu zanga sizikanayenda ndi mnzake wa Chizulu, mtsikana amene ngakhale makolo ake sindiwadziwa.

Tinayala tebulo pamsika wina ku Rosebank. Atsikana anandandalika timakapu, kuitanira m'Chingerezi, koma anthu ankangosuzumira n'kudutsa. Ine vuto ndinaliona msanga. Ndani angamwe chakumwa cha mlendo mwini wake asanalawe? Ineyo sindingayerekeze. Atsikana atapita kukagula ayezi, ndinatenga kapu, kumwako pang'ono, n'kupatsira mayi wina wachizungu ndi manja awiri. Anayang'ana kapu, kuyang'ana ine, n'kuthawa ngati ndamuonetsa njoka. Ndinati uyu ngwamwano, n'kuyesa wachiwiri ndi wachitatu. Chimodzimodzi.

"Hayibo, Gogo!" anakuwa Mzulu uja pobwera. "Mukuwamwera makasitomala?"

"Agogo, mwandiphera sukulu!" anatero mdzukulu wanga, misozi ili lengelenge. "Kuno kapu yomwera wina amanyansidwa nayo."

"Nanga adziwa bwanji kuti simunathiremo kanthu?"

"Palibe akuganiza zimenezo. Ndinu nokha!"

Pamenepo bambo wina amene ankatimvetsera anaphulika kuseka. Anali wakwathu, wosamalira maluwa ku Fourways.

"Amayi, ndipatseni yomwe mwalawayo. Pa Joni pano losalawa mwini wake sindimwa ine."

Ndinawayang'anitsitsa kaye, chifukwa munthu woseka msanga ndimamukayikira, koma ndinawapatsa. Anagugudiza, n'kulemba pafomu mzere woyamba.

Mzulu uja, ndivomereze, mutu wake umagwira. Anandiikira mpando kutsogolo, kundipatsa kapu yangayanga. Munthu akaima, ankathira makapu awiri kuchokera m'chigubu chimodzi, ine n'kuyamba kumwa iye akuona, mdzukulu wanga akufotokoza kuti kwathu timatero. Anthu anayamba kuunjikana. Ena ankafuna kundijambula, ndinakana, sindikudziwa kumene akazipititse zithunzizo. Wina analemba kuti shuga wachepa. Ndinati afufute, atsikana anakana, ati aphunzitsi amafuna zomwezo.

Dzuwa lisanapendeke fomu inadzaza mbali zonse, ndipo phunzirolo mwana anakhoza. Koma pobwerera tsiku limenelo mimba yanga inali ndendende ndi thobwa, moti takisi tinaiimitsa kawiri.