Amatope ndi Paipi ya Nambala Seveni

Amayi anga anagwira ntchito zaka makumi awiri m'chipinda chonunkha thope, mpaka anzawo anangowatcha Amatope. Ine zinkandichititsa manyazi. Anzanga akafunsa, ndinkati amayi ali mu ofesi ku yunivesite, n'kusintha nkhani msangamsanga.

Ntchito yake inali iyi. Akatswiri ankapita panyanja ndi boti, n'kukhomerera mapaipi pansi penipeni, n'kuwazula atadzaza matope. Matopewo amagona mizeremizere. Mzere wakuda ndi wa zaka za mvula yambiri, wotuwa ndi wa chilala, pamene mphepo inkabweretsa fumbi. Akalekale amakhala pansi, atsopano pamwamba. Amayi ankang'amba paipi m'litali, theka n'kulisunga m'chipinda chozizira. Theka linalo ankalidula timagawo, kutiika m'timabotolo ndi kulemba manambala, motsatira muvi wojambulidwa papaipipo woloza kumwamba.

Chaka china kunabwera Dokotala wachinyamata, wa mabuku osati wa jakisoni, wa nsapato zogogoda. Paipi yake ya nambala seveni inakana kugwirizana ndi zinzake: pomwe zina zinkati mvula, iyo inkati chilala. Mlandu unagwera Amatope, ati ukalamba wawasokonezetsa manambala. Lolemba anauzidwa kuti Lachisanu adzatenge kalata yowachotsa ntchito.

Ine magazi anawira. "Amayi, ingowasiyirani matope awowo! Kuseri kwa nyumbaku aliko ambiri."

"Mwananga, ntchito imatha," anatero. "Koma sindichoka ndi dzina la wosokoneza."

Lachiwiri ndi Lachitatu anaswera m'chipinda chozizira chija atavala majuzi awiri, akusisita ndi chala theka losungidwa lija. Lachinayi m'mawa anathira mchenga, dothi ndi madzi m'botolo la jamu. Ndinawaperekeza, mkamwa mwanga mutadzaza kale mawu.

Mu ofesi ya Pulofesa, mkulu wa onsewo, tinapezamo Dokotala uja. Amayi anakhutchumula botololo n'kuliika patebulo.

"Mwatibweretsera mankhwala, amayi?" Dokotala anaseka.

"Ayi bambo, madzi akuda chabe. Bwana, ndipatseni mphindi zisanu."

Tinadikira. Mchenga unayamba kukhala pansi, thope lofewa likutsika pambuyo.

"Aliyense amene anatungapo madzi akuda amazidziwa izi," amayi anatero. "Cholemera chimayamba kutsika. M'nyanja ndi chimodzimodzi. Tiyeni mukaone."

M'chipinda chozizira anatsegula theka la nambala seveni, n'kuloza mzere wina wokhuthala, wa chaka chimene madzi osefukira anakokolera mchenga m'nyanja.

"Gwirani apa, bwana. Musaope, thope sililuma."

Pulofesa anayendetsa chala, n'kubwerezanso. Mchenga wokhakhala unali kumene muvi unkati kumwamba, thope lofewa lili kunsi kwake. Paipi yonse inali chadodolido. Ndipo muviwo unajambulidwa m'boti, ndi cholembera chofiira chimene Dokotala sankabwereka munthu.

Mwini nsapato zogogoda uja anavula magalasi n'kunena chapansipansi, "Amayi, ndakulakwirani. Pepani."

"Zimachitika, bambo. M'boti mumagwedezeka."

Ine ndikanamuwonjezera ziwiri zitatu, koma amayi anandiponda chala.

Atatembenuza manambala, paipi ija inagwirizana ndi zinzake ndendende. Inatsekanso mpata wa m'mbiri ya nyanjayo umene unawasowetsa tulo akatswiriwo kwa zaka, wa nthawi imene mphepo inasintha njira, mvula n'kuthawa kwa mibadwo ingapo. Kalata ija Pulofesa anaing'amba ife tikuona. Ndinalira, sindibisa.

Amayi anagwiranso zaka zisanu, n'kupuma okha, ndi dzina lawo. Botolo la jamu likadali pashelefu, ndipo wophunzira aliyense watsopano amayamba walikhutchumula asanakhudze paipi.

Masiku ano munthu akandifunsa kuti ndine mwana wa yani, sindisinthanso nkhani. Ndimayankha mokweza, kuti ndi akumbuyo omwe amve: wa Amatope.