Makoswe Oyera a Kuseri kwa Kiliniki

Ntchitoyi anandipezera ndi azakhali anga, amene ankakolopa pa kiliniki ya esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Anati adokotala ena ofufuza, a Chirwa, akufuna mtsikana wofika Folomu 4 wosaopa makoswe. Ndinachoka ku Thekerani osafunsa zambiri.

M'kachipinda ka kuseri kwa kiliniki tinkaweta makoswe oyera. A Chirwa ankafufuza mmene ubongo umalamulira ululu ndi kuthamanga kwa magazi. Ine ndinkalowetsa khoswe m'chubu cha pulasitiki, kumuveka kalamba kumchira, kupopa, n'kuwerenga bipi pa makina. Kenako ndinkamuika pa mbale yachitsulo yofunda, wotchi ili m'manja, mpaka anyambite phazi. Makoswe obayidwa mankhwala kudzera m'kachubu ka pamutu bipi inkawakwera, koma kutentha ankachedwa kukumva. Ankangokhala duu, maso ofiirawo ali pa ine.

Chaka chimenecho kunabuka mphekesera za anamapopa. Kumsika wa ku Luchenza anthu anasiya kuyankha moni wanga. Wina anali atandiona ndikutsuka masirinji a magazi pampopi.

Lachisanu lina masana m'munda munangoti zii. Nditasuzumira pawindo ndinaona madengu a tiyi atasiyidwa m'mizere, anthu akubwera pang'onopang'ono, ena atagwira zikwanje zodulira tiyi. Ndinafuna kukhoma chitseko, koma a Chirwa anachitsegula. Mayi ena achikulire, othyola tiyi, analowa n'kufunsa kuti magazi a m'masirinji aja ndi a ndani. A Chirwa anafotokoza, ine ndikumasulira m'Chilomwe. Mayiwo anatambasula mkono, nati tiwapope pamaso pa onse, aone ngati magazi atuluke. Ndinathamangira ku kiliniki kukatenga lamba woyezera bipi ya anthu. Magazi sanatuluke, koma bipi inali yokwera moopsa. Atafunsidwa, anati samva kupweteka paliponse.

"N'chimene chikundiopsa, mayi," anatero a Chirwa. "Mubwere mawa mudzayambe mapilitsi."

Anthu anabalalika. Sabata yomweyo a manijala a esiteti anatseka kachipindako, makoswe tinawapha ndi mankhwala n'kuwakwirira. Mayi aja sanabwere. Mvula itayamba anagwa m'munda, mbali imodzi ya thupi itafa, ndipo anthu anati ndi lamba wathu uja. Azakhali anandithawitsira kumudzi.

Lero ndimayeza bipi pa chipatala chaching'ono. Sindigwira mkono wa munthu ndisanamupatse lambayo kuti amugwire yekha, aone kuti mulibe singano, amve chimene ndikufuna. Ndipo akanena kuti sakumva kupweteka, sindimulola kuti angopita.