Likodzo Limene Ndinapita Nalo kwa Wowotcherera

Chizindikiro choyamba ndinachiona nditaima kuseri kwa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wopita ku Mtenguleni, mvula itangosiya kumene m'chaka china cha m'ma 1990. Ndinkataya madzi. Kumapeto kwenikweni kunatuluka kadontho kofiira. Ndinakayang'ana mwaulemu, kenako ndinacheuka n'kuyang'ana njinga yanga yomwe ndinaitsamiritsa pamtengopo, ndipo mlandu ndinaugamula pomwepo: wolakwa ndi chishalo cha njingayo.

Ndifotokoze kaye kuti ndinali yani woti n'kumagamula milandu chotere. Ndinaphunzirapo za makina ku koleji kwa chaka ndi kachidutswa, kenako ine ndi kolejiyo tinagwirizana zosiyana mwamtendere, ngakhale amene anayamba kuganiza zimenezo ndi iwowo. Nditabwerera ku Chipata ndinkakhala ku Nabvutika kwa alongo anga a Esinati, omwe ankagulitsa zovala zovalidwa kale za salaula pamsika. Anthu a m'komboni anandipatsa dzina loti Mainjiniya. Kunali kunyoza, koma ndinkavomera nkhope ili gwa, poti dipuloma ina ndinalibe.

Chaka chimenecho anthu a kalabu ina m'tauni anakonza mpikisano wa mbali zitatu: usambire, utuluke m'madzi n'kukwera njinga, utsike njinga n'kuthamanga. Aliyense ankaloledwa kulowa. Kuthamanga ndinkatha. Kusambira ndinkati ndiphunzira. Koma panjinga m'pamene ndinkafuna kukhaulitsa anthu a njinga za magiya, ine ndili pa njinga yakuda ya malemu bambo, yomwe moyo wake wonse inkanyamula thonje ndi mtedza.

Chinthu chimodzi chomwe ndinatuluka nacho ku koleji n'chakuti mdani wamkulu wa wopalasa ndi mphepo. Munthu akakhala mowongoka panjinga amasanduka chitseko, ndipo akamawonjezera liwiro mphepo imawonjezera makani kuposa iyeyo. Choncho ndinachotsa madigadi, kaliyala ndi belu. Kenako ndinapita kwa a Jere, owotcherera zitsulo kuseri kwa msika. Anadula miyendo iwiri ya bedi lakale lachitsulo n'kuiwotcherera pakati pa mahandulo, kuloza kutsogolo, kuti ndizigonekapo mikono, zigongono zitayandikana, mutu uli pansi ngati mkamwini amene ng'ombe zake zadya munda wa apongozi. Pogoneka mikonopo tinamangapo zidutswa za mapatapata. Chishalo tinakweza. Mutu ndinameta mpala, ubweya wa m'miyendo ndinaupalanso ndi lezala. Pa mulu wa salaula wa a Esinati ndinatolapo chovala chothina chobiriwira, chomwe ndinauzidwa pambuyo pake kuti chinali cha azimayi ovina. Chipewa ndinachisema kuchokera ku chikho chachitali: chobulungira kutsogolo, chosongoka kumbuyo ngati dontho la madzi, pakuti kaumbidwe kameneko ndi kamene mphepo imakapatsa ulemu.

Kuyesa kwake kunali kosavuta. Pamwamba pa chitunda china cha msewu womwewo ndinkasiya kupalasa, njinga n'kumatsetsereka yokha mpaka itaima. Ndikakhala mowongoka inkaima pa mtengo wa mango uja. Ndikagona pa miyendo ya bedi inkapitirira mpaka pa kamlatho. Wofuna kutsutsa, chitundacho chikadalipo.

Dziwe losambiramo la kukalabu linali la mamembala okha. Ine ndinkaphunzirira m'damu lina lomwera ng'ombe kunja kwa tauni, la bango ndi tinkhono m'mbali mwake. Ndinayamba mvula isanagwe, ndipo sindinasiye. Ndikatuluka m'madzimo miyendo inkayabwa. Ndinkati ndi lezala.

Kadontho kaja katabwereranso, nkhani ndinakaitula kwa a Jere.

"Magazi? Kumathero?" anatero akukweza magalasi awo akuda pachipumi. "Ndiye mwakula mochedwa, Mainjiniya. Kwathu mnyamata aliyense ankaona zimenezo akamatha msinkhu. Amene sanaone tinkamuseka."

"A Jere, ine zaka makumi awiri ndinadutsa kale."

"N'chifukwa chake ndikuti mochedwa. Patseni sipanala iyo."

Tinaweramitsa mphuno ya chishalo. Sabata yotsatira tinachibweza m'mbuyo. Kenako tinachikuta ndi siponji ya matiresi. Pofika nthawi yokumba mtedza magazi ankatuluka nthawi iliyonse, pokodza pankawotcha, ndipo m'munsi mwa mchombo munkapweteka ngati muli mwala. Kuzizira kutayamba ndinkatopa ndikangokwera kachitunda kochepa. Ndikadzuka msanga pampando, nyumba inkazungulira. Zikhatho zinayera. Thupi linatha, mpaka chovala chothina chija chinayamba kukupiza m'ntchafu. Ndinauza a Esinati kuti zimenezi n'zadala, munthu woonda amaboola mphepo.

Tsopano ndinene chimene chinkandiletsa kupita kuchipatala. Zaka zimenezo ku Nabvutika nyimbo za maliro sizinkatalikirana. Mnyamata akaonda, tsitsi n'kuchoka, anthu sankafunsanso kuti akudwala chiyani. Ine ndinali woonda, wampala, wobwerako ku koleji mosadziwika bwino. Komboni inamaliza yokha samu. Pampopi azimayi ankadula nkhani ndikamadutsa. Kunyumba ina anandisungira kapu yangayanga pawindo. Tsiku lina masana kunabwera anthu a kwaya kudzandiimbira nyimbo zimene ndinkadziwa bwino kuti zimaimbidwa panjira ya kumanda. Ndinawathokoza, ndinawakonzeranso mawu a besi pomwe ankaphonya. Koma atapita ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana zikhatho zanga. Ku koleji sindinali wansembe. Ndinkaopa kuti mwina komboni yalondola, ndipo ubwino wa chishalo unali wakuti ungachisunthe kangati, sichikuuza kuti ukufa.

A Esinati anandipeza m'mawa wina ndikupopa tayala.

"Iwe, ndachapa chovala chako cha ovina chija. Ndaona. Mawa tikupita kuchipatala."

"Mpikisano ukatha, a sisi."

"Amene atathe ndiwe."

Ndinakana. Mawa lakelo ndinalawira kuchitunda kwanga. Ndinagona pa miyendo ya bedi, njinga inatenga liwiro, ndinaona mtengo wa mango ukudutsa, kenako m'maso munachita mdima. Ndinatsitsimukira m'munda wa thonje, anthu atandizungulira. Chikho chinasweka pakati, mutu unapulumuka. Eni munda anandikweza pangolo pamodzi ndi njinga, ndipo kuchokera pamsewu galimoto ina inandifikitsa kwa a Esinati. Mphamvu zokanira zinali zitatha. Ndinangopempha chimodzi, kuti asandipititse kuchipatala cha m'tauni kumene theka la Nabvutika limakhala pamzere. Choncho tinakwera lole kupita kuchipatala cha mishoni ku Tamanda, kufupi ndi kwawo kwa amayi athu.

Tinafika m'mawa, mabenchi atadzaza kale. Anayamba ndi pemphero. Kenako khadi, kenako kudikira, kenako kachitsulo koyezera kutentha m'khwapa, kenako sikelo, kenako kudikiranso. Anamwino anakoka chikope changa cham'munsi, anayang'ana, n'kufunsa kuti, "Abambo, magazi anu anapita kuti?" Dzuwa litakwera ndinalowa kwa adokotala, bambo wofatsa wa imvi m'mbali. Anandifunsa ngati ndimasambira, ndinati inde, m'damu. Anafunsa kuti magazi ndinayamba kuwaona liti, ndinati mvula itangosiya.

"Nthawi yonseyi munapitako kuti?"

"Kwa wowotcherera."

Analemba pakhadi osaseka. Mpaka lero ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezo.

Anati andigoneka chifukwa magazi anali ochepa kwambiri m'thupi. Kenako anatseka chitseko n'kundifotokozera modekha za kuyeza kachilombo ka Edzi, kuti sindikukakamizidwa. Ndinati, "Tengani. Komboni yandiyeza kale ndi maso. Ndikufuna wina andiyeze ndi makina."

Tsiku lotsatira anamwino anandipatsa kabotolo. "Mudikire dzuwa lifike pamutu. Kenako muthamangeko pang'ono kuzungulira wodi, mmene mungathere, mubwere mutayire umu. Makamaka madontho omaliza." Inali sabata yomweyo ya mpikisano. Anzanga m'tauni akusambira m'dziwe la mamembala, ine ndinkazungulira wodi ya amuna, kabotolo kali m'manja, a Esinati akunditsatira pambuyo kuti ndikagwa andiwakhe, azimayi odikirira odwala atasiya zochapa n'kumandionerera. Ndinakhala woyamba. Ndinalinso ndekha, koma zimenezo sizichotsa ulemu.

Bambo wa ku labu atamva kuti ndine Mainjiniya anandilola kusuzumira m'makina ake oonera tizilombo. Ndinaona timazira tambirimbiri, tobulungira mbali imodzi, tosongoka kumbuyo. Kaumbidwe komwe ndinavutika nako kusema pa chikho kanali m'chikhodzodzo mwanga nthawi yonseyi, kosalala kuposa kanga.

"Likodzo," anatero adokotala. Anafotokoza kuti tinyongolotsi take timachokera mu tinkhono ta m'madzi oima, timalowa pakhungu munthu akamasamba, ndipo mazira ake ndi amene amabaya chikhodzodzo. Anati si chizindikiro cha kukula, ndi matenda, ndipo akalekereredwa amafika powononga impso.

Mankhwala ake anali mapiritsi akuluakulu oyera, owawa zedi, owerengedwa malinga ndi sikelo. Anandiuza kuti ndiyambe ndadya. Tsiku limenelo ndinachita nseru ndi chizungulire, m'mimba munapota, koma kutacha zinali zitapita. Anawonjezera mapiritsi obwezera magazi, ndipo a Esinati anandithira nyemba ndi chibwabwa, masamba a maungu, ngati akudzaza nkhokwe. Masiku a m'wodi ankafanana: belu, mapemphero, fungo la mankhwala okolopera, adokotala kudutsa bedi ndi bedi, kenako kudikira madzulo.

Chovuta chinali kudikira zotsatira za magazi aja, poti ankakayezera kutauni ndipo zinkatenga masabata. Pabedi loyandikana nane panali a Tembo, mphunzitsi, amene zawo zinali zitabwera kale ndipo kachilombo anawapeza nako. Sankabisa. Ankandigonjetsa pa nsolo tsiku ndi tsiku, ankamwera kapu imodzi ndi ine, ndipo nkhani ya miyendo ya bedi anaimva katatu akuseka mpaka kutsokomola. Anandiuza kuti, "Mphwanga, chovuta si kumva. Chovuta n'kugona ukuganizira." Munthu ameneyo anali wamoyo kuposa kwaya yonse ija, ndipo ndinatsimikiza kuti kaya zotsatira zibwere zotani, kapu ya pawindo sindidzailandiranso.

Ananditulutsa zisanabwere, ndinakadikirira kumudzi kwa amayi. Tsiku lobwerera ndinakhala pabenchi yomwe ija kuyambira m'mawa. Adokotala anatseka chitseko, anatsegula envulopu, nati, "Kachilombo mulibe. Linali likodzo basi. Mukanabwera pa kadontho koyamba, simukanagona n'komwe muno." Ndinathokoza mwaulemu, ndinatuluka bwinobwino, koma nditafika pakhonde ndinangokhala pansi. A Esinati anandimenya kambama pampala, kenako anakhala pansi pambali panga.

Patapita masabata angapo madzi anayera. Patapita miyezi ndinabwereranso ndi kabotolo, mazira sanapezeke. Zikhatho zinafiira, chovala chobiriwira chinayambanso kuthina. Nditawafotokozera a Jere, anaika sipanala pansi.

"Ndiye kuti mudzi wathu wonse unkadwala?"

"Wonse, a Jere. Kupatula amene munkawaseka aja."

Anawongola mahandulo, anawotchereranso mwendo wa bedi umene unapindika. Pa zonse zimene ndinachotsa panjinga, ndinabwezerapo belu lokha. Ndinasema chikho china, ndinavala zonse, n'kulowa mu Nabvutika nthawi imene pampopi pamakhala podzaza. Ndinaliza belu, ndinaima.

"Mainjiniya," anatero mayi wa nyumba ya kapu ija, "mwachira?"

"Amayi, ndabwera kudzalengeza kuti maliro aimitsidwa. Amene munasonkha ufa mukatenge."

Lero ndili bwino. Ndimadya, ndimagona, ndimapalasa mpaka ku Mtenguleni n'kubwerako osapuma, ndipo njinga imadutsa kamlatho kaja. M'damu sindinapondemonso. Mpikisano utachitikanso ndinalowa. M'madzi ndinatuluka womaliza, poti kusambira ndinkaphunzirira pabenchi, koma panjinga ndinadutsa anthu angapo a magiya, ndipo aliyense ndinamulizira belu. Za miyendo ya bedi sindipepesa kwa munthu, chishalonso ndinachipeza chosalakwa.

Kwa inu amene mwaona kadontho kofiira, kaya pa inu kaya pa mwana wanu, musamve zoti wakula, musadikire mpikisano kapena kukolola, ndipo musalole anthu a pampopi akuyezeni ndi maso. Ngati mukuopa chimene akakuuzeni, pitani nawo mantha anuwo, akakhale nanu pabenchi. Ine ndinaopa kuyambira mvula itasiya mpaka kuzizira, pamene chinkandidyacho chinali choti n'kutha ndi mapiritsi a tsiku limodzi. Sipanala musiyire njinga.